Jakisoni wachiwiri wa aphunzitsi a Kachigunda

1988, Nathenje

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, chifukwa mulibe chachilendo. Ndinaweta mbuzi, ndinakwapulidwa kusukulu, ndinakula. Ndiyambire pamene ndinavala malaya oyera a ntchito koyamba, pa kachipatala kena kufupi ndi Nathenje, ndili medikolo asisitanti wongochoka kumene ku maphunziro. Anthu ankanditchula kuti adokotala, ndipo ine, poti ndinali mnyamata wodzimva, sindinkawakonza. Bwana wanga anali a Gondwe, munthu wa kumpoto, wamfupi, wa mawu otsika koma wolusa zedi. Akakuyang'ana pamwamba pa magalasi awo aja, unkakumbukira zolakwa zako zonse za sabata imeneyo.

Kudera limenelo kunali amayi ambiri odwala chithokomiro. Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku esiteti ya fodya, khosi litatupa moti mkanda sunkakwananso. A Gondwe anandifunsa pamaso pake kuti chatupitsa khosi n'chiyani. Ine ndinayamba kulakatula za m'buku, m'Chingerezi, chifuwa chili patsogolo. Anandidula pakamwa.

"Iwe, mayiwa akumva zimenezo? Usandiimbire buku. Khala chete umve."

Anatembenukira kwa mayi uja. "Mayi, m'thupi mwathumu muli amithenga. Sayenda pansi, amayenda m'magazi. Ndi timadzi tochepa kwambiri, totuluka m'tiziwalo tobisika. Kena kali pakhosi apa, tiwiri tili pamwamba pa impso, kuseri kwa chifu kuli kapamba, ndiye pansi pa ubongo pali kapitawo wawo, wamng'ono ngati nsawawa. Anyamata a sukuluwa timadzi timeneti amati mahomoni. Ndi timene timauza mwana kuti akule, mtsikana kuti athe msinkhu, bere kuti litulutse mkaka, mtima kuti uthamange mukakumana ndi njoka. Tsono kachiwalo kanu ka pakhosika kakusowa mchere wina wotchedwa ayodini, ndiye kakulephera kutulutsa timadzi take. Kapitawo uja akuona kuti ntchito sikutuluka, akungokalipa kuti gwira ntchito, gwira ntchito! Iko pofuna kumvera kakungokula."

Mayi uja anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Ndiye kuti kapitawo wa m'mutu mwangamu ndi m'bale wake wa kapitawo wa kwathu ku esiteti."

A Gondwe sanaseke. Mayiyo atatuluka anandiuza kuti amithenga amenewa akachepa ndi matenda, akachuluka ndi matendanso. Thupi lamoyo limadziyeza lokha, likaona kuti zakwana limasiya. "Koma ukamuthira munthu timadzi timeneti ndi singano," anatero, "dziwa kuti jakisoni alibe makutu. Ukabaya wabaya, sungamuitane kuti abwerere." Ndinakhala pansi pa a Gondwe zaka zingapo. Sindinawakonde, ndisaname, koma ntchito imene inakudyetsani nonsenu ndinaiphunzira kwa iwo.

1994, kuseri kwa Mitundu

Boma litasintha anandisamutsira ku kachipatala kena kuseri kwa Mitundu, njira yolowera ku Malingunde, kuti ndikakhale woyang'anira. Mukamva kuti woyang'anira musaganize za ofesi ya mipando yofewa. Tinalipo ine, anamwino mayi Chisale, ndi mlonda, basi. Tinali ndi firiji ya parafini yosungira katemera, ndi wailesi ya mauthenga imene batire lake linkafa nthawi imene walifuna kwambiri. Ambulansi tinkangoimva mbiri. Mankhwala akabwera, unkatsegula katoni ukupemphera, n'kupezamo zinthu zimene sunaitanitse. Diripi ikatha, inkatha, ndipo ukapita kukadandaula ku boma ankakuuza kuti pirirani, dziko likukonzedwa.

Anthu nawo anali atasintha. Kale munthu ukamuuza kuti mankhwala kulibe, ankawomba m'manja n'kubwerera kwawo. Tsopano ankakuloza chala pamphuno: "Mwagulitsa! Ino ndi nthawi ya ufulu, tikulembani m'nyuzi!" Sindikunena kuti kale kunali bwino ayi. Kale tonse tinkayankhula monong'ona, tikucheuka. Koma mkwiyo wa zaka zambirimbiri unatuluka nthawi imodzi, ndipo amene tinali pafupi kuti utigwere tinali ife, aphunzitsi ndi a chipatala. Mnzanga wina pa chipatala china anathawira m'munda wa chimanga mwana atamwalira pamzere, ndipo nyumba yake anaiphwanya mawindo. Nkhani imeneyo ine ndi mayi Chisale tinkaidziwa bwino, ngakhale sitinkaikamba.

1995

Chaka chimenechi ndi chimene ndinadziwana ndi a Kachigunda, mphunzitsi wa pa sukulu ya pulayimale yoyandikana nafe. Sukulu itakhala yaulere, iwo ankaphunzitsa pansi pa mtengo, ana osawerengeka, mawu mpaka kusasa. Anabwera kwa ine atawonda moti lamba anamuboola mabowo atsopano. Anthu anali atayamba kale kunong'ona kuti ndi matenda a masiku anowa, ndipo iwo eni anali atavomereza mumtima. Koma ndinawafunsa bwinobwino. Madzi ankamwa ngati ng'ombe, usiku osagona ndi kukodza, ndipo pamene akodza pankasonkhana nyerere. Ndinatenga mkodzo wawo, kuthira m'mankhwala obiriwira oyezera shuga n'kuwiritsa pa kanyale ka sipiriti. Unasanduka wofiira ngati njerwa yootcha.

"Aphunzitsi, awa ndi matenda a shuga."

Munthu wamkulu uja analira ndi chimwemwe. Sindinaonepo wina akuthokoza Mulungu chifukwa cha shuga.

Ndinawafotokozera kuti kapamba wawo wasiya kutulutsa timadzi totchedwa insulini. Munthu akadya, chakudya chimasanduka shuga m'magazi, ndipo insulini ndi imene imatsegula kuti shugayo alowe m'minofu akhale mphamvu. Ikasowa, shuga amangodzaza m'magazi mpaka kusefukira mu mkodzo, munthu n'kumafa ndi njala uku akudya. Ndinawatumiza ku Lilongwe, ndipo anabwerako ndi timabotolo ta insulini, obaya m'mawa ndi madzulo asanadye.

Vuto linali loti a Kachigunda ankaopa singano. Amene anaphunzira kubaya anali akazi awo, aNabanda. Mayi ameneyu sanapite patali ndi sukulu, koma anali ndi khama loopsa. Anaphunzirira pa papaya wosapsa mpaka dzanja linazolowera. Kabotolo ankakasunga mu mtsuko wa mchenga wonyowa kuseri kwa chitseko kuti kasatenthedwe. Shuga anamuthamangitsa pakhomo. Tiyi wopanda kanthu, mzimbe ayi, thobwa ayi, nthochi yakupsa ayi. Mudzi wonse unadziwa kuti aphunzitsi akalawa shuga afa, ndipo palibe amene ankayerekeza kuwapatsa, poopa pakamwa pa aNabanda. M'miyezi yochepa thupi la aphunzitsi linabwerera, ndipo mayiyo ankayenda monyadira, ndipo anayeneradi kutero.

Ine ndinawauza onse awiri kuti jakisoni ndi chakudya ziziyenda limodzi. Akabaya osadya, kapena akagwira ntchito yolemetsa, shuga akhoza kutsika mpaka munthu kukomoka. Ndinati aphunzitsi aziyenda ndi maswiti m'thumba.

"Maswiti?" aNabanda anadzidzimuka. "Adokotala, mukufuna kundiphera mwamuna?"

Ndinafotokoza kachiwiri, pang'onopang'ono, iwo akugwedeza mutu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti akamachapa ankapisa m'matumba, akapeza switi ankapatsa ana, n'kuwakalipira aphunzitsi kuti nkhuli idzawapha. Aphunzitsi sanandiuze, sankafuna kuwachititsa manyazi akazi awo. Mayi ameneyu ankamukonda mwamuna wake, musaiwale zimenezo mukamawerenga zotsatirazi.

1996, nyengo yokolola

Mayi awo a Kachigunda anamwalira kumudzi kwawo, kutsidya la dambo. Uthenga unandipeza, ndipo ndinati ndikathana ndi mzere wa odwala ndipalasa njinga ndikapepese. Dzuwa litapendeka pang'ono, ndikumaliza kumanga bala la munthu womaliza, ndinamva chikwapu ndi mkuwo. Nditasuzumira ndinaona ngolo ikubwera, ng'ombe zikuthamangitsidwa, m'mbuyo mwake chigulu cha anthu ovala zapamaliro. Poyamba ndinaganiza kuti asokonezeka mitu, akubwera ndi maliro omwewo kuchipatala.

M'ngolomo munali a Kachigunda, ali gone, osadziwa kanthu. Anawanyamula n'kuwagoneka pabedi. Patsogolo pa onse panali mng'ono wawo, a Filipo, wogula fodya wokhala m'tauni, munthu wa mawu aakulu amene chipewa cha chipani chake sankachivula ngakhale pamaliro.

"Adokotala, shuga wakwera! Abayeni msanga!"

Ndinauza onse kuti atuluke kupatula a Filipo ndi aNabanda. Anatuluka, koma anangodzaza pakhonde ndi m'mawindo mpaka m'chipindamo munada. Ndinafunsa aNabanda kuti chachitika n'chiyani. Anayankhula mothamanga, mpweya ukuwathera. Dzulo lake madzulo, chifukwa cha chipwirikiti cha imfa, jakisoni anaiwalika. M'mawa anawabaya monga mwa nthawi zonse, n'kuwaitanira kuseri kwa nkhokwe kuti adye mbatata yophika. Aphunzitsi anakana. Anati iwo ndi mwana woyamba, anthu awaona bwanji akutafuna mayi awo ali gone m'nyumba? Adya maliro akaikidwa, monga achitira anamfedwa onse. Kenako anakhala ali pa miyendo, kwa kalipentala, kumanda kukaona adzukulu okumba dzenje, kulandira alendo. Bokosi litafika kumanda, anayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, kuyankhula zosamveka, mpaka kutukwana abusa, munthu amene sanatukwanepo. Ena anati chisoni chawazunguza, ena anati mzimu wa mayi awo ukuwaitana.

"Ine ndinadziwa kuti ndi jakisoni wa dzulo tinaphonya uja," anatero aNabanda. "Ndinathamangira kunyumba, ndinatenga kabotolo, ndawabaya wachiwiri kumanda komweko. Koma sizinasinthe, angogwa. Abayeni wanu wamphamvu, adokotala."



Ndinawagwira aphunzitsi pamphumi. Khungu linali lozizira, lonyowa ngati munthu wochokera pamvula. Mtima unkagunda mothamanga. Lilime linali lonyowa, kupuma kwake kosazama, ndipo mkamwa simunkatuluka fungo lija la zipatso zovunda limene limamveka shuga akakwera. Munthu amene shuga wamukwera amauma, amapuma mozama ngati wakwera phiri, ndipo sagwa tsiku limodzi. Thukuta lozizira ndi kunjenjemera ndi ntchito ya tiziwalo ta pamwamba pa impso tija. Shuga akamatha m'magazi, ito timatulutsa timadzi ta mantha, kukuwa kuti chiwindi chitulutse shuga amene chinasunga. Zonse zimene manja anga ankamva zinkandiuza kuti shuga watsika, ndipo ubongo ukuzima ndi njala.

Koma choyezera magazi ndinalibe. Nthawi imeneyi mayi Chisale anali atatenga kale mkodzo ndi chubu, akuuwiritsa pa kanyale kaja pakona. Tonse tinayang'ana. Unasanduka wofiira.

"Mwaona!" a Filipo anakuwa, akulozera anthu a pawindo. "Shuga wadzaza! Mukudikira chiyani?"

Ine ndinkadziwa kuti mkodzo ndi nkhani yakale. Umenewo ukhoza kukhala wa usiku, pamene jakisoni anaphonyedwa, utangokhala m'chikhodzodzo. Koma kudziwa ndi kwina, kuona chinthu chofiira pamaso pako anthu akukuyang'ana ndi kwina. Ndinayamba kudzikayikira. Nanga ngati ndikulakwitsa? Ndinayesa wailesi, batire linali litafa. Diripi ya shuga inali itatha kalekale, pashelefu panali ya madzi a mchere yokha.

Mayi Chisale anandikoka malaya mpaka m'kachipinda ka mankhwala n'kutseka chitseko.

"Bambo, mukuganiza zowathira shuga, eti? Ndakuonani nkhope."

"Ee."

"Atumizeni ku Mitundu. Ngolo ili panjapo."

"Safika, mayi. Ndi majakisoni awiri m'thupi, ng'ombe zotopa kale, afera panjira."

"Ndikudziwa," anatero monong'ona. "Koma sakhala atafera m'manja mwanu. Mudzi wonse ukudziwa kuti munthuyu akalawa shuga afa. Mukawathira n'kutsirizika, ndani akumvereni? Atiotchera m'nyumba anthu awa. Inu muli ndi ana, inenso ndili ndi ana."

Sindinawakwiyire, chifukwa ananena zimene zinali kale mumtima mwanga. Kutumiza wodwala ku chipatala chachikulu si mlandu, palibe akanandifunsa. Kubaya insulini kukanawasangalatsa onse, ndipo aphunzitsi akanamwalira anthu akundithokoza kuti ndayesetsa. Njira yokhayo imene ikanawapulumutsa inali imene ikanandipachika ine ngati tachedwa kale, pakuti ubongo ukakhala nthawi yaitali wopanda shuga umapsa, ndipo ngakhale uthire wochuluka bwanji munthu sadzuka. Ndinayang'ana pa kawindo. Nyumba yathu inali pafupi, ndipo mayi anu anali ataima pakhomo, iwe Tadala uli kumsana, akuyang'ana chigulu chija. Ndinachita mantha, ana anga.

Ndinatsegula kawindoko n'kukuwa: "Mayi a Tadala! Bweretsani chitini cha shuga ndi madzi a m'ketulo! Thamangani!"

Pakhonde phokoso linayamba pansipansi. Mayi anu anadutsa pakati pa anthuwo chitini chili m'manja, maso ali pansi, anthu akupatuka ngati anyamula poizoni. Wina anati, "Akufuna kuwamaliza." Wina anati, "Anthu a boma lakale awa."

ANabanda ataona chitinicho anadziponya pa chifuwa cha amuna awo. "Ayi! Ayi, adokotala! Chaka chonse ndawasunga ine, osalawa ngakhale kambewu kamodzi! Simuwathira zimenezo ndili moyo!"

A Filipo anandigwira pakolala. "Iwe, ukudziwa chimene ukuchita? Nthawi yopha anthu mwakachetechete inatha. Achimwene akafa, lero sugona m'nyumba iyo."

Mukundidziwa mtima wanga. Mantha aja anasanduka ukali nthawi yomweyo. "Chotsani dzanja! Akafa mundichite chimene mukufuna, nyumba ndi iyo, sindithawa. Koma mukandichedwetsa, mwawapha ndinu, ndipo anthu onsewa akuona. Chotsani!"

Anandisiya, koma sanasunthe. Ine ndinagwada pafupi ndi aNabanda, ndinatsitsa mawu.

"Mayi, mwawasunga bwino, palibe angatsutse. Koma mverani. Jakisoni ntchito yake ndi kuchotsa shuga m'magazi. Wa m'mawa uja anapeza m'mimba mulibe kanthu, ndiye wadya shuga yense amene analipo. Munthuyu sakufa ndi shuga, akufa chifukwa shuga wamuthera."

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Ndinaona m'maso mwawo kuti zalowa. "Ndiye wachiwiri ndabaya kumanda uja?"

Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, n'kutsetsereka mpaka pansi.

"Alamu, mwawabaya chiyani achimwene?" a Filipo anatembenukira kwa iwo.

"Milandu kenako!" ndinakalipa. "Gwirani miyendo, tiwagoneke cham'mbali. ANabanda, dzukani, kulira ayi. Nyowetsani chala, tapani shuga, muzipaka mkati mwa tsaya. Pang'onopang'ono, asatsamwe."

Anadzuka. Ananyowetsa chala, n'kutapa shuga, n'kuyamba kupaka.

Munthu wokomoka sungamumwetse, madzi angalowe m'mapapo. Ndinafunika kulowetsa chubu m'mphuno mpaka m'mimba. Ntchito imeneyi ndinali nditaigwira kambirimbiri, koma inali ndi ngozi yake. Chubu chikasochera n'kulowa m'mapapo, ndiye kuti ndawamiza ndi manja anga. Mayi Chisale, amene anandiuza kuti ndiwatumize aja, ndi amene anagwira mutu wa aphunzitsi, osanjenjemera ngakhale pang'ono, atasungunula kale shuga m'kapu. Chubu chinalowa. Ndinapopera mpweya ndi sirinji, ndikumvetsera pamimba ndi chomvetsera cha adokotala, koma phokoso la panja linandilepheretsa.

"Tatontholani uko!"

Ndinapoperanso. Ndinamva kuti bulubulu m'chifu. Ndinathira madzi a shuga aja, sirinji ndi sirinji, mpaka kapu inatha.

Palibe chinachitika.

Tinadikira. Ndinagwira pamkono pawo, mtima unkangothamangabe. Ndinawatsina pachala, osasuntha. Ndinatsegula chikope, diso linali phee. Ndinathira kapu yachiwiri. M'chipindamo munkangomveka kupuma kwa anthu ndi kachala ka aNabanda kakukanda m'chitini. Panja amayi ena anayamba nyimbo ya maliro motsitsa, imene anaisiyira pakati kumanda. Ndinatulutsa mutu pawindo.

"Ndani wamwalira pano? Ndani? Siyani nyimbo imeneyo!"

Analeka. Koma ine mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza kuti mayi anu ndi inu ndikutulutsani bwanji, njira ya kuseri kwa chimbudzi yodzera m'munda wa sukulu.

Nthawi imeneyo pawindo panafika mkulu wina wa imvi, wochokera kumanda, chipewa chili m'manja. Anakodola a Filipo. Ankayesa kunong'ona, koma m'chipinda chachete chonchija tonse tinamva.

"Bambo, ife taika. Sitikanasiya manda ali yasa. Tsono adzukulu andituma. Akuti atsuke makasu, kapena ayambe adikira?"

ANabanda anatulutsa kaliwu kangati ka mwana wa mbuzi, koma chala sanachichotse m'kamwa mwa amuna awo. A Filipo anavula chipewa chawo chija, n'kundiyang'ana. Ukali wonse unali utachoka, anangokhala mng'ono wa munthu.

"Adokotala, ndiwayankhe chiyani?"

Ndinauza mayi Chisale kuti asungunule kapu ina.

Ndili mkati mothira, ndinaona chala cha kuphazi chikugwedera. Ndinaganiza kuti ndi maso anga. Kenako nkhope inachita tsinya, dzanja linanyamuka mwaulesi kupita kumphuno, kufuna kuzula chubu. Mayi Chisale analigwira. Aphunzitsi anayetsemula, n'kutsegula maso. Anayang'ana denga, osaphethira. Apa m'pamene ndinaopa kwambiri, chifukwa ndinaonapo anthu otsegula maso koma munthu mwini atapita kale.

"Aphunzitsi! A Kachigunda! Mukundimva?"

Ndinaloza aNabanda.

"Awa ndani? Tayang'anani kuno, awa ndani?"

Maso anayenda pang'onopang'ono mpaka anaima pa akazi awo. Milomo inagwedera. Mawu anatuluka olemera ngati a munthu woledzera.

"Nabanda, chala chako chikufuna chiyani m'kamwa mwanga?"

Wina pawindo anakuwa kuti ayankhula, ndipo panja panabuka phokoso, ena kulira, ena kuyamika. A Filipo anakhala pansi pa simenti n'kubisa nkhope m'chipewa. Ine ndinachotsa chubu, koma mtima sunakhale pansi. Jakisoni wachiwiri uja anali adakali m'thupi, akugwirabe ntchito yake, ndipo madzi a shuga sakhalitsa. Popanda chakudya chenicheni, aphunzitsi akanabwerera kumene anachokako. Ndinatuma mawu kwa mayi anu kuti aphike phala msanga, athire shuga osaumira.

Nzeru zitabwerera, aphunzitsi anayang'ana malaya awo odetsedwa ndi dothi la kumanda. Anayang'ana mng'ono wawo.

"Filipo, amayi?"

"Taika, achimwene."

"Popanda ine?"

Analira kulira kwa munthu wamkulu, kochokera m'mimba. Anayamba kutsika pabedi, akuti apite akaone pamene agona mayi awo. Miyendo inakana, tinawabweza. Phala linafika, ndinawapatsa mbale. Anaikankha.

"Ndidye bwanji, adokotala? Sindinaponye ngakhale dothi. Anthu onsewa sanadye, abwera kuno chifukwa cha ine. Ndikadya kumudzi pamodzi ndi abale anga."

"Simufika kumudzi," ndinatero. "Mugwanso panjira, ndipo ulendo uno sindikudzutsani."

"Ndiye zikhale momwemo."

Pamphumi pawo thukuta linali litayambanso, timadontho ting'onoting'ono. Ndinalionetsa kwa aNabanda ndi maso. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma iwo ananditsogolera. Anandilanda mbale ija, analawa phala, n'kutapanso shuga m'chitini kuwonjezera. Anakhala m'mphepete mwa bedi, misozi ikutsika, supuni ili m'manja.

"Abambo, apongozi anga tawaika lero. Ine ndatsala pang'ono kukuikani ndi manja angawa. Anthu anene zimene anene, andinene ine. Yasamulani."

Aphunzitsi anawayang'ana. Kenako anayasamula. Anadya akulira, supuni ndi supuni, anthu onse a m'mawindo akuona.

Mbale itatsala pang'ono kutha, thukuta lija litauma, ndinatuluka panja. Anthu anandipatukira. Mkulu wa imvi uja anali adakaima pamthunzi pafupi ndi ngolo, chipewa chili m'manja, akudikirabe yankho.

"Agogo," ndinatero, "kawauzeni atsuke makasu."

Anavala chipewa chake n'kulunjika njira ya kudambo.